Thandizo la pa ngozi lili ndi masamu ake ndi nthawi yake

Boma likangolengeza kuti kwagwa ngozi, zimene timaona pa Facebook zimakhala zomwezomwezo: lole ya matumba a ufa, mabelo a kaunjika, ndi akuluakulu ovala majekete owala akupereka thumba kwa gogo amene wagwada. Palibe cholakwika ndi mtima wopereka. Vuto ndi lakuti madzi osefukira ndi ng'amba zimapha anthu mosiyana, pa nthawi zosiyananso, ndipo thumba lomwelo likhoza kukhala lofunika kwambiri mu Novembala koma losathandiza kwenikweni pa tsiku lachiwiri la kumsasa. Amene akufuna kuthandiza, kaya ndi mpingo, kampani, gulu la abale a ku Johannesburg kapena komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ayenera kuyamba ndi kuwerengera.

Namondwe wa Freddy atagunda chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anathawira m'misasa yoposa 700, yambiri mwa iyo sukulu ndi matchalitchi. Ku Chilobwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche, ku Phalombe ndi ku Mulanje napolo anakokolola midzi, ku Nsanje ndi ku Chikwawa Shire ndi Ruo zinadzaza chigwa. Zonsezi zinachitika dziko lili kale pakati pa mliri wa kolera umene unayamba mu 2022, pambuyo pa anamondwe a Ana ndi Gombe, n'kupha anthu oposa 1,700. Munthu wopulumuka m'madzi, chimene chimam'dikira kumsasa sabata yoyamba si njala. Ndi kutsegula m'mimba.

Tiyerekeze sukulu ya pulayimale imene kwasonkhana anthu 2,000. Muyezo umene mabungwe othandiza pa ngozi amatsatira, wa Sphere, umati munthu mmodzi apeze malita 15 a madzi pa tsiku, akumwa, ophikira ndi osamba. Ndiye kuti msasawu ukufunika malita 30,000 tsiku lililonse, ndowa 1,500 za malita 20. Mjigo wabwinobwino umatulutsa malita pafupifupi 17 pa mphindi. Mukaupukusa maola 8 osapumira mupeza malita ongopitirira 8,000. N'chifukwa chake muyezowo umati mjigo umodzi usapitirire anthu 500. Sukulu yathuyi ili ndi mjigo umodzi pamene ikufunika inayi, ndipo ngati madzi osefukira anaumiza mpaka kumutu, madzi ake asakanikirana ndi zotuluka m'zimbudzi zimene zagwa m'mudzi monse. Amaoneka oyera bwinobwino. Oyerawo ndi amene amapusitsa anthu.

Choyamba kufika pamsasa chikhale ndowa zokhala ndi zivundikiro ndi mipope, zigubu, sopo ndi klorini. WaterGuard ndi kachivundikiro kamodzi m'malita 20, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Madzi akakhala amatope, yambani mwawasefa ndi chitenje choyera n'kuwasiya adikhe, chifukwa matope amadya mphamvu ya klorini. Akapanda kuyera, muyezo umawirikizidwa kawiri. Klorini wa ufa, wa HTH, asagawidwe kwa anthu ali ufa. Alangizi a zaumoyo ndiwo amasungunula magalamu 15 mu lita imodzi ya madzi, n'kumathira mlingo woyenera m'ndowa ya munthu aliyense pamjigo pomwepo. Pamene pamalakwika zinthu kawirikawiri ndi kuthira mopyola. Madzi akanunkha kwambiri, anthu amawataya n'kubwerera kumtsinje osauza aliyense, ndipo lipoti limanena kuti klorini anagawidwa. Cholakwika china ndi kapu: madzi otetezedwa bwino amaipitsidwa ndi dzanja lolowa m'ndowa potunga. Ndowa ya mpope imathetsa zimenezo kuposa chiphunzitso chilichonse.

Zimbudzi ndiye nkhani imene sipeza wopereka, poti palibe amene amafuna kujambulitsa pambali pa dzenje. Masiku oyamba chimbudzi chimodzi chitha kutumikira anthu 50, koma pakapita masabata ochepa chiwerengero chitsike kufika pa 20. Kwa anthu 2,000 ndi zimbudzi 40 poyamba, kenako 100. Zikhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera pamjigo kapena pachitsime, kumunsi kwake osati kumtunda, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a pansi. Ku chigwa cha Shire nthawi ya madzi osefukira mukakumba kufika m'mawondo mwapeza kale madzi, choncho chimbudzi chimayenera kukwezedwa pa chulu chomangira m'malo mokumbidwa mozama, apo ayi mukuthira ndowe m'madzi omwe anthu akumwa. Za amayi zisiyane ndi za abambo, zikhale ndi chitseko chotsekera m'kati ndi nyale usiku. Chimbudzi cha mdima chimene chili kuseri kwa bwalo la mpira amayi ndi atsikana sapitako, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Pakhomo pa chilichonse pakhale mpondagiya ndi sopo, kapena phulusa ngati sopo watha. Thanzi ORS akhalepo kuyambira tsiku loyamba: paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Akasowa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi zimam'sunga munthu pa ulendo wa kuchipatala.

Pogona pali masamu akenso. Munthu mmodzi amafunika malo ofoleredwa okwana masikweya mita atatu ndi theka. Kalasi ya mamita 8 mulitali ndi 7 mulifupi ndi ya anthu 16 basi, koma timadziwa kuti mumagona ochuluka kuwirikiza kangapo. Mphere, chifuwa ndi chikuku zimayenda mosavuta m'malo otere, ndipo malungo amakwera pakapita masabata angapo, madzi akayamba kuima m'zithaphwi. Malona, mabulangete ndi maneti n'zofunika kuposa kaunjika wosasankha, amene amabwera ndi nsapato zazitali zidendene ndi majekete a ku Ulaya. Chitenje chimaposa zonsezi: n'chovala, chofunda, mbereko, chosefera madzi, ndiponso chimathandiza amayi amene ali kumwezi ngati mapadi sanafike.

Pali anthu ena amene saoneka pamzere wa ufa koma ali pa ngozi yaikulu. Madzi amatenga mabotolo a ma ARV, mankhwala a TB, a BP, a shuga ndi a khunyu, pamodzi ndi buku la kuchipatala ndi chiphaso cha unzika. Munthu sangaimirire pagulu n'kunena kuti ma ARV anga apita. Kalembera wa kumsasa akhale ndi mlangizi wa zaumoyo wokhala payekha, pamalo poduka mphepo, kuti anthu otere alembedwe tsiku loyamba kapena lachiwiri.

Tsopano chakudya. Munthu amafunika mphamvu yokwana makalori 2,100 pa tsiku. Kuti ikwane, pamafunika ufa magalamu pafupifupi 400, nyemba kapena nandolo magalamu 60, Likuni Phala magalamu 50, mafuta ophikira magalamu 25 ndi mchere magalamu 5. Kwa anthu 2,000 ndi matumba 16 a ufa a makilogalamu 50 pa tsiku, nyemba makilogalamu 120 ndi mafuta malita oposa 50. Kampani imene yabweretsa matumba 100 ndi atolankhani yadyetsa msasawu masiku 6. Si zochepa, koma misasa ya madzi osefukira imakhala miyezi, ndipo opereka ambiri amatha sabata yachitatu isanakwane. Amakondanso kuthera pa misasa ya m'mbali mwa tala. Mu 2023 misasa ya mu Blantyre inkafikiridwa msanga pamene madera ena a ku Nsanje ndi ku Phalombe ankafikika ndi helikopita kapena boti basi. Apa ndi pamene kudutsira ku khonsolo ya boma ndi ku DoDMA, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, kumathandiza ngakhale kumachedwetsa: iwo ndiwo ali ndi mndandanda wa misasa imene sinalandire kanthu.

Pa madzi osefukira perekani ufa, osati chimanga. Namondwe wa Ana ataphwanya damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo chigayo chopanda magetsi sichigaya. Nyemba zouma zimadya nkhuni maola angapo, nkhunizo zili zonyowa. Kuziviika usiku wonse kumachepetsa nthawiyo, koma masiku oyamba soya pieces, usipa ndi Likuni Phala n'zimene zimapsa msanga. Mapoto, mbale ndi mithiko nazo zinapita ndi madzi. Mkaka wa m'chitini wa makanda usagawidwe mwachisawawa: ukasungunulidwa ndi madzi a kumsasa m'botolo losatsukika, umapha mwana amene bere likanam'pulumutsa. Ndipo matumba akafika asaunjikidwe pasimenti. Ayalidwe pa mitengo kapena mapaleti, motalikira khoma, chifukwa ufa wokoka chinyezi umachita chuku m'masiku ochepa.

Ng'amba ndi nkhani ina. Ilibe zithunzi za nyumba zogwa, ndipo imadziwika miyezi yambiri isanafike. Za El Niño, kusintha kwa nyengo kumene kumachepetsa mvula kuno, zinkadziwika pakati pa 2023. Mvula inadula mu Januwale ndi Febuluwale 2024, chimanga chikumasula. Pa 23 Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Komiti ya MVAC, imene imaunika za chakudya m'dziko muno, inapeza kuti anthu 5.7 miliyoni adzavutika ndi njala pakati pa Okutobala 2024 ndi Malichi 2025. Chimanga cha thandizo chimayamba kugawidwa cha mu Okutobala kapena Novembala zikayenda bwino. Taonani mpata umene uli pakati pa Malichi ndi Novembala. Banja limene linakolola matumba awiri limamaliza mu Juni. Mu Julayi lagulitsa nkhuku, mu Ogasiti mbuzi, pa mtengo wolira popeza aliyense akugulitsa pamene chimanga chikukwera. Kenako njinga, malata, katapila, ndi mwana wamkazi kusiya sukulu. Mvula ikagwa, bambo ndi mayi ali pa ganyu m'munda mwa eni, wawo ukumera udzu. Thumba likamafika mu Disembala limapulumutsa moyo, koma zokolola za chaka chamawa zawonongeka kale. Ku Nsanje anthu akayamba kulowa m'madambo a ng'ona kukazula nyika, kapena kwina akayamba kuphika chitedze ndi mango osakhwima, si chizindikiro choti njala ikuyamba. Thandizo linachedwa kalekale.

Kuchedwaku kuli ndi magwero odziwika. Chimanga chimatsika mtengo pakati pa Epulo ndi Juni, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yoti NFRA, bungwe losunga chimanga cha dziko, idzaze nkhokwe za ku Kanengo. Ndalama zikatuluka mu Seputembala, boma likugula kwa mavenda pa mtengo wokwera, n'kukwezanso mtengo kwa wosauka amene sali pa mndandanda. Kudalira kuitanitsa kunja n'kovuta chifukwa ng'amba sidziwa malire: mu 2024 Zambia nayo inalengeza ngozi n'kuletsa chimanga kutuluka. Njala ya 2001 mpaka 2002 inakula chonchija chifukwa china chinali chakuti chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa. Ngakhale inshuwalansi ikhoza kuchedwa. Malawi inagula inshuwalansi ya ng'amba ku African Risk Capacity ya ulimi wa 2015 mpaka 2016. Ng'amba inabwera, anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo, koma kompyuta inati palibe cholipira, chifukwa anaiuza kuti alimi amadzala chimanga chochedwa kucha pamene ambiri anadzala chocha msanga, chimene mvula inachidukira pa nthawi yoipitsitsa. Atakonza, ndalama zokwana madola 8.1 miliyoni zinafika mu Januwale 2017, miyezi 9 chilengezereni ngozi.

Nanga thumba la makilogalamu 50 pa banja pa mwezi limatanthauzanji? Kalembera wa 2018 anapeza kuti banja la ku Malawi limakhala ndi anthu 4.4 tikagawa mofanana. Pa banja la anthu 5, thumbalo ndi magalamu 333 pa munthu pa tsiku, makalori ongoyandikira 1,200, kungopitirira theka la zofunika. Pa banja la anthu 8, la agogo olera ana amasiye, ndi magalamu 208. Ndipo apo simunapite kuchigayo. Kukonola n'kupanga ufa woyera kumachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mgaiwa sutaya kanthu kwenikweni ndipo uli ndi chakudya chochuluka. Ndalama ya chigayo nayo imachokera m'thumba lomwelo, munthu amagulitsa ndowa imodzi kuti agayitse zotsalazo ndi kugula mchere. Wogulitsa pang'ono chonchi si wakuba, ndipo wopereka wanzeru amawonjezera kandalama ka chigayo ndi ndiwo.

Pamwamba pa izi pali kugawana. M'midzi yambiri mukalemba mabanja 30 mwa 100, madzulo mfumu imaitanitsa matumba n'kuwagawa ndi ndowa kwa onse. Mabungwe amadana nazo, ndipo nthawi zina zimakhaladi nkhanza, mfumu ikamadula gawo lake kapena kulanda kwa wamasiye. Koma tinene zoona: pamene mudzi wonse sunakolole, kusiyana kwa banja la nambala 30 ndi la nambala 31 kulibe, ndipo mayi amene wadya yekha lero adzasowa wom'thandiza pa maliro mawa. Kuletsa ndi mawu sikugwira. Chimene chimagwira ndi kulemba anthu ochuluka m'midzi yochepa imene yakhudzidwa kwambiri, m'malo momwaza pang'onopang'ono paliponse kuti phungu aliyense asangalale. Mayina asankhidwe pabwalo, awerengedwe mokweza anthu onse akumva, afananizidwe ndi kaundula wa boma wa mabanja oyenera thandizo wa UBR, ndipo ena ochokera kunja kwa mudzi akayendere makomo angapo osankhidwa mwachisawawa. Amene ali pa Mtukula Pakhomo asachotsedwe poti "alandira kale"; ndalama ya Mtukula siinakonzedwe kuti igule chimanga cha chaka cha ng'amba, ndipo njira yachangu ndi kungowawonjezera pa akaunti yomweyo.

Tsiku logawa lilengezedwe pasadakhale pamodzi ndi mlingo umene aliyense alandire, ulembedwe pa chikwangwani ndi kunenedwa pa chimkuzamawu. Pakhale sikelo yoti aliyense wokayika ayezetse thumba lake. Matumba obooledwa panjira amapepuka makilogalamu angapo osaoneka. Oyembekezera, okalamba ndi olumala ayambe. Ntchito ithe dzuwa likadalipo, kuti mayi asayende usiku ndi thumba pamutu, kapena kulipira kabaza ndi gawo la chimanga chake. Ndipo zinenedwe poyera, mobwerezabwereza, kuti thandizo ndi laulere: palibe kulipira ndalama, palibe kugonana ndi wolemba mayina. Bokosi la madandaulo silithandiza amene sadziwa kulemba, makamaka likaikidwa pafupi ndi munthu yemwe akum'dandaulayo. Manambala aulere a 116, wa nkhanza za ana, ndi 5600, wa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, alembedwe pamalo oonekera.

Ndalama kapena chimanga? Yankho lili kumsika. Ngati msika uli ndi chimanga ndipo misewu ikudutsika, ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba imafika msanga, siifuna lole, ndipo mwini wake amadziwa ngati chosowa ndi ufa, mankhwala kapena malata. Ngati mlatho waduka kapena mavenda ndi awiri okha, ndalama imangokweza mtengo. Mlingo wake uziwunikidwa mwezi ndi mwezi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene inawerengedwa kuti igula thumba sinalinso kukwana. Onaninso ngati ejenti wa pamalopo ali ndi ndalama zokwana kutapitsa anthu 500 tsiku limodzi, komanso ngati gogo amene walembedwayo ali ndi foni yakeyake, osati ya mdzukulu.

Ana osakwana zaka 5 sadikira lipoti la MVAC. Kuyambira miyezi 6, kalamba koyezera mkono kakasonyeza kuchepera masentimita 11.5, pofiira, mwanayo ali pa ngozi ndipo akufunika chiponde kuchipatala lero. Pakati pa 11.5 ndi 12.5, pachikasu, akufunika phala lowonjezera. Dinikizani chala pamwamba pa mapazi onse awiri masekondi atatu: pakatsala dzenje, ndi kutupikana, ngakhale mwanayo akuoneka wonenepa. Chiponde ndi mankhwala a mwana mmodziyo, koma m'nyumba ya njala chimanyambitidwa ndi onse, choncho banja la mwana wotere liyenera kukhalanso pa mndandanda wa chimanga.

Kubwezeretsa moyo m'chimake kumayamba anthu akadali kumsasa, ndipo nako kuli ndi nthawi yake yosabwerera. Madzi a mu Malichi akaphwa amasiya chinyezi ndi nthaka yachonde m'madimba. Mbewu yofika mu Epulo kapena Meyi imadyetsa banja mu Ogasiti. Yofika mu Julayi imapeza nthaka itauma, ndipo imadyedwa kapena kugulitsidwa. Ikhale yocha msanga, monga chimanga cha Kanyani, makilogalamu pafupifupi 10 pa ekala, mizere yotalikirana masentimita 75, njere imodzi paphando pa masentimita 25 alionse. Chimanga cha m'dimba ntchemberezandonda zimachikonda chifukwa n'chokhacho chobiriwira, choncho mlimi aziyang'ana m'mitima mwake kawiri pa sabata kuyambira chili chaching'ono. Mbatata yofiira m'kati, monga Kaphulira ndi Kadyaubwerere, imacha m'miyezi inayi kapena isanu ndipo masamba ake ndi ndiwo pasanathe nthawi, koma mbewu yake siichedwa kufa: ikadulidwa n'kukhala m'lole padzuwa masiku atatu kapena anayi, mukugawa zinyalala. Igulidwe kwa ochulukitsa apafupi, idulidwe masentimita 25 mpaka 30, idzalidwe mawa lake. Munda umene wakwiriridwa ndi mchenga wochepa ungatembenuzidwe kuti usakanikirane ndi dothi. Pamene mchenga wafika m'mawondo, kumbani mayenje mpaka padothi n'kuthiramo manyowa. Kwa a ku Chikwawa ndi Nsanje, mapira ndi mchewere si mbewu zachilendo, ndipo chaka cha El Niño kupereka chimanga chokha kumeneko n'kutaya mbewu. Mbuzi zobwezeretsa zikhale za m'dera lomwelo ndi zolandira katemera, chifukwa zochokera kutali zimabwera ndi matenda n'kupha zotsala.

Mjigo uliwonse umene unamira upopedwe mpaka madzi ayere, uthiridwe klorini wamphamvu, ugone usiku, upopedwenso mpaka fungo lithe, ndipo madzi ake ayezedwe anthu asanayambe kumwa. Nyumba zambiri zimene zinagwa zinagwera kumunsi: njerwa zomangira dothi zikakhala m'madzi masiku awiri, dothilo limasungunuka. Ngati simenti ndi yochepa, ipite ku maziko ndi mizere yoyamba ya njerwa, maziko akwezedwe kupitirira pamene madzi anafika, payalidwe pulasitiki yotchinga chinyezi, ndipo denga likhale ndi khonde lotalika loteteza khoma.

Chovuta kwambiri ndi kusamutsa anthu. Lamulo loyamba la za ngozi linabwera mu 1991, napolo wa ku Phalombe atachitika. La 2023 limene linalowa m'malo mwake limatsindika kukonzekera ndi kuchotsa anthu m'malo oopsa. Koma chichokereni madzi a mu Januwale 2015, amene anasamutsa anthu pafupifupi 230,000 ndi kusandutsa dera la Makhanga ku Nsanje chilumba, taona anthu akupatsidwa malo kumtunda n'kubwerera kuchigwa, ndipo am'tauni amawatcha osamva. Kuchigwa kuli dimba lokolola kawiri pa chaka, kuli nsomba, kuli manda a makolo, ndipo nyakwawa imene yasamukira m'dera la mfumu ina ufumu wake umathera pomwepo. Kumtunda amapeza poloti ya nyumba pa nthaka ya miyala, popanda mjigo, sukulu ili kutali. Kusamuka kumene kumagwira ndi kumene mjigo, sukulu ndi mapepala a malo zimayamba kufika anthu asanafike, eni dera alipidwa ndipo nawonso apindula ndi mjigowo, nkhani ya ufumu yakambidwa ndi a T/A, ndipo osamukawo aloledwa kusunga minda yawo yakuchigwa: kugona kumtunda kuyambira Disembala mpaka Epulo, kulima kumunsi madzi akaphwa. Malo atsopanowo asatalikire madimba kuposa ulendo woti munthu apite m'mawa ndi khasu n'kubwerako madzulo.